Kodi ndiwo ndi chiyani kwenikweni?

Dzulo madzulo kuno ku Chibavi mu Mzuzu, kamvula kakuwaza ngati mwa masiku onse, tinakangana ndi alamu anga pa nkhani yooneka yachibwana. Iwo akuti ndiwo ndi chilichonse chodyera nsima, basi. Ndinawafunsa kuti nanga mwana amene akusunsa nsima m'madzi a shuga, akudya ndiwo? Anaseka. Nanga mchere wokhawokha nthawi ya njala? Apa anayamba kukanda mutu.

Mkangano womwewu, wa tanthauzo lenileni la mawu, anthu ophunzira akhala nawo zaka zoposa 2,000. Aristotle, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Greece wakale, ankati chinthu chilichonse chili ndi tanthauzo lake lenileni, ukalipeza watha. Wittgenstein, katswiri wina wa nzeru zakuya wa ku Austria, m'zolemba zake zomwe zinatuluka mu 1953 iye atamwalira kale, anati taonani mawu oti masewera. Bawo, mpira ndi chibisalirano palibe chimodzi chomwe onsewa ali nacho, amangofanana ngati ana a banja limodzi, wina mphuno, wina mayendedwe. M'zaka za m'ma 1970, Eleanor Rosch, katswiri wa kaganizidwe ka anthu wa ku America, anaonetsa kuti m'mutu mwathu timasunga chitsanzo chapakati. Ukamva mbalame umaganiza za mpheta, osati nthiwatiwa.

Ine ndimatsamira kwa Rosch, chifukwa ukati ndiwo, ambiri kuno timaona usipa kapena mpiru, shuga amabwera kumapeto. Koma akatswiri sanagwirizanebe mpaka lero, ena mpaka akuti maganizo onsewa ali ndi mbali yake yoona.

Alamu anga pomaliza anangoti kwawo ku Rumphi ndiwo amati dende, nkupitiriza kudya kondowole yemwe anali atazizira kale.