Lachitatu: Mzere wa Keeling ndi funso la makala

M'mawa uno ndinali ndi ophunzira a chaka chachitatu, ndipo popeza magetsi anali atathima, ndinajambula ndi choko pa bolodi mzere wa Keeling, womwe umasonyeza kuchuluka kwa mpweya wa carbon dioxide mumlengalenga, mpweya umene ukuchititsa kusintha kwa nyengo. Charles David Keeling anayamba kuyeza mpweyawu pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii mu 1958, uli pafupifupi magawo 315 pa miliyoni, koma lero wadutsa 420. Mzerewu umakwera ngati mano a sowo, chifukwa zomera za kumpoto kwa dziko lapansi zimayamwa mpweyawu zikamaphuka, n'kuubweza masamba akayoyoka ndi kuwola. Ophunzira analemba ali chete, monga amachitira akaganiza kuti nkhaniyo ibwera pa mayeso.

Kalasi inatentha titafika pa ndale. Ndinafotokoza kuti pa msonkhano wa zanyengo ku Copenhagen mu 2009 maiko olemera analonjeza kuti pofika 2020 azipereka madola 100 biliyoni pachaka othandiza maiko osauka kulimbana ndi kusintha kwa nyengo, lonjezo lomwe silinakwaniritsidwe pa nthawi yake, ndiponso kuti thumba lothandiza maiko okhudzidwa ndi ngozi za nyengo analivomereza mu 2022 ku Sharm el-Sheikh. Mtsikana wina, amene abale ake anathawa matope a namondwe Freddy ku Chilobwe mu Marichi 2023, anakweza dzanja nati: "Aphunzitsi, ngati utsi wambiri ukuchokera ku China, ku United States ndi ku Ulaya, n'chifukwa chiyani olandidwa makala pa msewu ndi amayi athu?"

Ndinamuyankha kuti utsi wa Malawi ndi wochepa kwambiri, moti ngakhale tonse tikanasiya makala, Freddy akanabwerabe. Koma mizu ya mitengo imagwira dothi, ndipo phiri la Soche lopanda mitengo silingapirire mvula ya masiku angapo. Sanakhutire, ndipo sindikumudzudzula, pakuti ndinkanena zimenezi m'chipinda chopanda magetsi, kwa anthu amene madzulo ano aphikira pa mbaula.

Masana ndinasintha dongosolo la sabata ino. Lachisanu tidzawerenga Gawo 8 la Pangano la Paris la 2015, lokamba za zotayika ndi zowonongeka chifukwa cha kusintha kwa nyengo, pamodzi ndi ndime 51 ya chigamulo chotsagana nalo, yomwe imati gawolo silipereka maziko oti dziko lililonse liimbidwe mlandu kapena lilipire chipukutamisozi. Ndapempha mtsikana uja kuti adzatsogolere zokambiranazo.