1619 kapena 1776?

Tulo tandikana. Mkangano wa masana uja ukadali kulira m'makutu.

Tinali pa nkhomaliro kuntchito kuno ku Richmond, nsima yanga yadzulo ikutentha mu microwave. Mayi wina wachikuda, nesi wamkulu pa ife tonse, anati Amereka inayamba mu 1619, pamene sitima inatsitsa anthu ogwidwa ku Angola oposa 20 pa Point Comfort, momwe muno mu Virginia. Bambo wachizungu amene amatikonzera magetsi anaika kapu yake ya khofi pansi. Anati ayi, dziko linabadwa mu 1776, ndi mawu a Thomas Jefferson, amene analemba chikalata cholengeza ufulu wa dzikoli, oti anthu onse analengedwa ofanana. Mayi aja sanakweze mawu. Anangoti Jefferson yemweyo anasunga akapolo oposa 600 pa moyo wake. Chipinda chonse chinangoti zii.

Kenako onse awiri maso pa ine. "Nanga inu a ku Africa mukuti bwanji?"

Pakamwa panauma. Ndinati nsima ikuzizira.

Chikundiwawa n'choti onsewa ndi anthu abwino. Mayiwa ndi amene anandiphunzitsa ntchito nditangofika. Bambowa anandidzutsira galimoto tsiku la chipale osalandira kanthu. Koma lero aliyense wakumbatira chaka chake ngati mbendera ya chipani. Nyuzipepala ya New York Times inabweretsa 1619 Project, zolemba zoika ukapolo patsogolo pa mbiri ya dzikoli, mu 2019, a Trump anayankha ndi 1776 Commission, komiti yolimbikitsa maphunziro onyadira dziko, chaka chotsatira, a Biden n'kuithetsa tsiku lomwe analowa m'boma. Zaka ziwirizi tsopano zasanduka mayunifolomu. Nkhani yaifupi ndi yosavuta kuinyamula, inde, koma ina imataya agogo a mayi aja, ina imalanda bambo aja chinthu chomwe amanyadira. Ndipo anthu a mtundu wa Powhatan, eni nthaka amene analipo sitimayo isanakocheze, palibe anawatchula.

Pobwerera kunyumba ndimaganiza za John Chilembwe. Anaphunzira ku Lynchburg, ulendo wa maola awiri kuchoka pano, pa sukulu ya ubusa ya anthu akuda, nthawi imene tsankho linali pachimake. Anaona nkhanzazo ndi maso ake, anamvanso mawu a ufulu m'dziko lomwelo, n'kubwerera nazo zonse ziwiri ku Chiradzulu mu 1900. Bwenzi nditawauza zimenezi. Mwina akanamvetsera.

Kumudzi takula tikumva kuti mutu umodzi susenza denga, koma kodi awiriwa akufuna denga limodzi? Mawa tilinso shifiti imodzi ndi mayi aja. Potuluka lero sanatsanzikane ndi bambo aja.