Mwana akaikidwa cochlear implant, ntchito yambiri imatsalira pakhomo

Makolo ambiri amaganiza kuti mwana akatuluka mu opaleshoni ya cochlear implant, makina oikidwa m'khutu kuti munthu wosamva azimva, ndiye kuti wayamba kumva. Si choncho. Amatuluka ndi bandeji kumutu ali wosamvabe, ndipo makinawo amayatsidwa pakapita milungu iwiri mpaka inayi, bala litapola.

M'kati mwa khutu muli kachiwalo kopiringizika ngati chigoba cha nkhono, kamene madokotala amati cochlea. Mmenemo muli timaselo pafupifupi 16,000 tokhala ngati ubweya, timene timasandutsa phokoso kukhala uthenga wopita ku ubongo. Tikafa, sitimeranso. Makina wamba othandiza kumva amangokweza mawu, ndiye ngati timaselo tatha, kukwezako sikuphula kanthu. Implant imalambalala timaselo takufato n'kumakhudza mtsempha wakumva ndi timagetsi tochepa kwambiri. N'chifukwa chake asanachite opaleshoni amajambula mutu ndi CT ndi MRI, kuti aone ngati mtsemphawo ulipo komanso ngati m'nkhonomo muli njira.

Makinawa ali pawiri. Mbali ya m'kati imakhala pansi pa khungu kuseri kwa khutu, ndipo ili ndi maginito ndi kawaya kopyapyala kolowa m'nkhono muja. Mbali ya kunja ndi processor yokhala ndi maikolofoni ndi batire, ndiponso kachingwe kopita ku coil, kambale kozungulira komamatira kumutu ndi maginito. Kawaya ka m'kati kali ndi timfundo totulutsa magetsi: 22 pa makina a kampani ya Cochlear, 16 pa a Advanced Bionics, 12 pa a MED-EL. Timfundo tochepa chonchi tikugwira ntchito ya timaselo masauzande, choncho poyamba mawu amamveka ngati wailesi yosachunidwa bwino. Ubongo ndi umene umaphunzira kuwamasulira.

Dokotala wa ku Australia Graeme Clark anaika implant ya timfundo tambiri ku Melbourne mu 1978, chipatala cha Tygerberg ku Cape Town chinayamba kuika makinawa mu 1986, ndipo ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre ana ena anaikidwapo makinawa.

Nthawi ndi imene imapweteketsa mabanja. Mwana wobadwa wosamva amapindula kwambiri akaikidwa asanakwanitse zaka ziwiri. Akapyola zitatu ndi theka mwayi umayamba kuchepa, ndipo pofika zisanu ndi ziwiri asanamvepo mawu, kuphunzira kulankhula kudzera m'khutu kumakhala kovuta zedi. Ku America malire a msinkhu woikira implant analoledwa kutsika kufika pa miyezi 9 mu 2020 pa chifukwa chomwechi. Mwana amene analankhulapo kenako n'kusiya kumva chifukwa cha matsagwidi, malungo aakulu kapena mankhwala monga gentamicin ali ndi poyambira, popeza ubongo wake umawadziwa mawu. Koma ngati chinamugonthetsa ndi matenda oumitsa khosi, musadikire. Matendawa amatha kuchititsa kuti m'nkhono mumere fupa m'miyezi yochepa chabe, kawaya n'kusowa polowera. Mwana aliyense wochira matendawa ayezedwe makutu asanaiwalike kumudzi.

Tsiku loyatsa, katswiri wa zakumva amalumikiza processor ku kompyuta n'kuyeza kamfundo kalikonse: mphamvu yochepetsetsa imene mwana akuimva, ndi yokwera imene akuipirira popanda kuwawa. Ntchitoyi amaitcha mapping. Ana ena amalira, ena amangoti duu, ena amavula n'kutaya. Zonsezi si zachilendo. Mapping imabwerezedwa kangapo chaka choyamba chifukwa mtsempha umazolowera, kenako kamodzi pachaka. Mukaona mwana akuphethira kapena tsaya likugwedezeka phokoso likamveka, magetsi akufika pa mtsempha wa nkhope, ndipo zimenezo amakonza pa kompyuta pomwepo.

Mwana avale makinawo nthawi yonse imene ali maso. Wovala maola awiri okha patsiku, kapena pokhapokha popita kutchalitchi, sadzalankhula bwino ngakhale opaleshoni itayenda bwino chotani. M'mawa uliwonse khalani pambali pake, pamene sakuona milomo yanu, n'kutchula mm, uu, aa, ii, sh, ss, chimodzichimodzi. Mawu asanu ndi amodziwa akuyambira pansi kufika pamwamba pa malankhulidwe a munthu. Ngati dzulo amamva ss koma lero ayi, china chavuta.

Chovutacho kawirikawiri chimakhala kunja. Kachingwe ka coil ndi kamene kamaduka msanga, nthawi zina m'kati mosaoneka, mawu n'kumabwera moduladula. Khalani ndi kena kapadera. Chophimba maikolofoni chimatsekeka ndi fumbi ndi mafuta odzola. Thukuta la mwezi wa Okutobala ndi chinyezi cha dzinja zimadya zitsulo, choncho usiku uliwonse chotsani batire, pukutani processor ndi kansalu kouma, muiike m'kabokosi koumitsira. Padzuwa kapena pafupi ndi mbaula ayi. Mabatire otaya a zinc-air nambala 675 amatha m'masiku awiri kapena atatu, ndipo ayenera kukhala olembedwa kuti ndi a implant, chifukwa a makina wamba mphamvu yake imaperewera. Mukamatula kapepala kake dikirani mphindi imodzi kuti mpweya ulowe. Mabatire otchaja ndi abwino, koma kumene magetsi amazimazima pamafunika awiri kapena atatu ndi kasola. Otaya aja muziwabisa, mwana akameza ndi ngozi yothamangira nayo kuchipatala.

Yang'anani khungu la pansi pa coil tsiku lililonse. Likafiira kapena kulowa m'kati, maginito ndi amphamvu kwambiri ndipo angaboole chilonda. Amasintha n'kuika ofookerapo. Khutu likatuluka mafinya kapena mwana akatentha thupi khosi n'kuuma, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti wokhala ndi implant ali pachiopsezo chokulirapo cha matenda oumitsa khosi, ndipo katemera wa pneumococcal asamuphonye. Asanalowe mu MRI, madokotala adziwe mtundu wa implant yake.

Ine ndimatsutsana ndi uphungu woti mwana wotere asaphunzire chinenero chamanja poopa kuti achita ulesi kulankhula. Akavula processor pogona, posamba, kapena ikawonongeka n'kudikira chipangizo chochokera kunja kwa milungu ingapo, mwanayo samva chilichonse. Pa nthawi imeneyo afunika njira youzira amayi ake kuti m'mimba mukupweteka. Bungwe la anthu osamva la MANAD ndi sukulu za ana osamva monga Mua, Maryview ndi Embangweni ndi poyambira pabwino kuti banja lonse liphunzire, agogo ndi alongo ake omwe.

Musanavomere opaleshoni, funsani kuti mapping izidzachitikira kuti, zingwe ndi mabatire muzidzazipeza bwanji, ndiponso adzalipire ndani processor yatsopano, poti yakale imafunika kusinthidwa pakatha zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri.