Zimene chilumba cha Crete chinandiphunzitsa alendo atachoka

Chilumba cha Crete, chomwe ndi chachikulu kuposa zilumba zonse za dziko la Greece, chimakhala ndi moyo wa mitundu iwiri pa chaka. Kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Okutobala chimadzaza ndi alendo ochokera ku Germany, Britain, France ndi mayiko ena, amene amabwera kudzasambira m'nyanja ndi kudzaothera dzuwa. Koma Novembala akangofika, ndege zambiri zobweretsa alendowa zimasiya kutera, mahotela a m'mphepete mwa nyanja amatsekedwa, mipando ya m'malo odyera imaunjikidwa pakona, ndipo mvula yozizira imayamba kugwa. Ine ndinapitako m'nyengo yachiwiriyi, ndili ndekha, pa tchuthi cha pakati pa maphunziro anga a mbiri yakale. Ndinkafuna kuona ndi maso zimene ndinakhala ndikuwerenga za anthu amene akatswiri amawatchula kuti a Minoan, omwe anamanga nyumba zikuluzikulu pachilumbachi zaka pafupifupi 1900 Yesu asanabadwe. Chimene ndinabwerera nacho ndi luso limene m'kalasi ndinkangolimva m'makutu: kusiyanitsa chinthu chimene chinalipodi ndi chinthu chimene anthu anakonza pambuyo pake kuti mlendo aone.

Za mayendedwe sindichulutsa mawu. Sitima yapamadzi imanyamuka pa doko la Piraeus, pafupi ndi Athens, usiku n'kufika ku Heraklion, mzinda waukulu wa pachilumbachi, mbandakucha. Chilumbachi ndi chachitali makilomita pafupifupi 260 kuchokera kuvuma kukafika kuzambwe, koma ndi chopapatiza, ndipo pakati pake padutsa mapiri aatali. Phiri la Psiloritis limafika mamita 2,456 ndipo m'nyengo imeneyi nsonga yake imakutidwa ndi chipale chofewa. Mabasi a KTEL amayenda bwino pakati pa mizinda ya kumpoto, Heraklion, Rethymno ndi Chania, koma opita kumidzi ya kumwera amachepa kwambiri, moti munthu woyenda yekha amayenera kudziwa nthawi ya basi yomaliza asanatsike basi yoyamba. Chigwa chotchuka cha Samaria chimakhala chotsekedwa chifukwa cha madzi osefukira, malo a zinthu zakale amatsekedwa msanga, ndipo mdima umagwa nthawi isanakwane 6 koloko.

Ku Knossos, kumene kuli mabwinja a nyumba yaikulu ya anthu a Minoan, makilomita asanu okha kuchokera ku Heraklion, ndi kumene nyengoyi inandipatsa mwayi waukulu. M'chilimwe anthu amayenda m'mizere, akukankhana ndi kujambulana, ndipo palibe amene angaime pamalo amodzi kwa nthawi yaitali. Ine ndinkatha kuima patsogolo pa khoma limodzi mpaka diso litazolowera, n'kuyamba kuona pamene mwala wakale ukuthera ndi pamene simenti ikuyambira. Munthu woyamba kufukula pamalowa anali Minos Kalokairinos, mbadwa ya ku Heraklion, mu 1878. Kenako Mngelezi Arthur Evans anagula malowo n'kuyamba kufukula mu 1900, ndipo m'zaka zotsatira, makamaka za m'ma 1920, anamanganso zigawo zina za nyumbayo ndi konkire. Mizati yofiira imene imaoneka pa zithunzi zonse za Knossos si yakale ayi. Yakaleyo inali yamitengo ndipo inatha kalekale. Mayina a zipinda, monga chipinda cha mpando wachifumu ndi chipinda cha mfumukazi, anapereka ndi Evans potengera maganizo ake a mmene ufumu umayenera kuonekera. Ngakhale dzina lakuti Minoan analifalitsa ndi iye, kuchokera kwa mfumu Minos ya m'nthano za Agiriki. Eni akewo sitidziwa dzina limene ankadzitchula.

M'mabuku athu Evans amadzudzulidwa kwambiri, ndipo chidzudzulocho n'chomveka, pakuti konkire imeneyo singachotsedwenso popanda kuononga zimene zili pansi pake. Komabe nditaimirira pamenepo mvula ikugwa, madzi akuyenda m'ming'alu ya masitepe, ndinamvetsa mbali ina ya nkhaniyi. Miyala yambiri ya nyumbayo ndi ya gypsum, mwala wofewa umene umasungunuka pang'onopang'ono ndi madzi. Zinthu zimene zinakhala zotetezedwa m'nthaka zaka zoposa 3,000 zinayamba kuonongeka zitangofukulidwa, ndipo madenga oyamba amene Evans anaika anali oteteza ku mvula yomweyi. Mlendo wa m'chilimwe, amene amaona thambo loyera ndi fumbi lokha, sangaganize za vuto limeneli. Pamene ine ndikumutsutsa Evans ndi pamene anadutsa malire a kuteteza n'kuyamba kukongoletsa. Umboni wake uli m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Heraklion, mmene muli zithunzi zapakhoma zenizeni. Mukayandikira mumaona kuti tizidutswa takale ndi tochepa, takuda ndi totumphuka, pamene mbali yaikulu ya chithunzi inapentedwa ndi amisiri awiri a dzina limodzi, bambo ndi mwana wake, otchedwa Émile Gilliéron, amene ankagwira ntchito ndi Evans. Chithunzi chotchuka cha mnyamata wovala chisoti cha maluwa chinalumikizidwa kuchokera ku tizidutswa timene akatswiri ambiri masiku ano amati sitinali ta munthu mmodzi.

Tsono ngati mizati ndi mayina zili za m'zaka za m'ma 1900, chakale chenicheni n'chiti? Yankho ndinalipeza kumbali ya kuzambwe kwa nyumbayo, kumene kuli mzere wa zipinda zazitali zopapatiza, zokhala ndi mitsuko ikuluikulu ya dongo, ina yofika m'chifuwa cha munthu wamkulu. M'mitsuko imeneyi ankasungamo mafuta a azitona, vinyo ndi tirigu, ndipo ndi zipinda zomwezi zimene Kalokairinos anayamba kuzipeza. Kwa ine, amene ndinakulira pakhomo pamene ulemu wa banja unkaoneka ndi kudzaza kwa nkhokwe, zipindazi zinalankhula momveka kuposa mpando wachifumu uja. Mphamvu ya Knossos inali pa kusonkhanitsa zokolola, kuzisunga ndi kuzigawa. Zolembedwa zimene zinapezeka pamalowa zikuvomereza zomwezi. Timapale ta dongo ta malembedwe otchedwa Linear B tinakhala tosawerengeka mpaka 1952, pamene Michael Ventris, katswiri wojambula mapulani a nyumba, anaonetsa kuti chilankhulo chake ndi Chigiriki chakale kwambiri. Amene ankayembekezera ndakatulo kapena mbiri ya mafumu anapeza mndandanda wa nkhosa, ubweya, nsalu, mafuta ndi mayina a antchito. Nkhosa zolembedwa m'timapaleti zimafika pafupifupi 100,000. Timapaleti sanatiotche mwadala. Tinauma ndi moto umene unawononga nyumbayo, ndipo n'chifukwa chake tilipo mpaka lero. Malembedwe akale kuposa amenewa, otchedwa Linear A, amene anali a anthu a Minoan enieniwo, sanawerengedwebe, chimodzimodzinso chimbale chadongo cha ku Phaistos chimene chinapezeka mu 1908.

Zonsezi ndikanatha kuziwerenga ndili m'chipinda changa. Chimene sindikanatha kuchipeza m'buku ndi chimene ndinaona pa basi yopita kumwera, ku chigwa cha Messara. Nyengo imene alendo amaitcha yakufa ndiyo nyengo yokolola azitona, kuyambira Novembala mpaka Januwale kapena kupitirirapo. M'minda monse anali atayala maukonde pansi pa mitengo, amuna akugwedeza nthambi ndi ndodo zazitali zoyendera magetsi, amayi akuchotsa masamba ndi kuthira zipatso m'matumba, utsi wa nthambi zodulidwa ukukwera kuchokera m'munda uliwonse, ndipo timagalimoto todzaza matumba tikupita kumakina ofinyira mafuta. Azitona ambiri a kumeneko ndi a mtundu wa Koroneiki, timbewu tating'ono koma ta mafuta ambiri, ndipo amayenera kufinyidwa msanga akangothyoledwa kuti mafutawo asaonongeke. Mayi amene ankandisunga m'nyumba yake ya alendo anandifotokozera kuti anthu ambiri amene m'chilimwe amaperekera zakudya m'mahotela amabwerera kuminda ya makolo awo m'miyezi imeneyi, ndiponso kuti banja limayamba lapatula mafuta odya chaka chonse lisanagulitse otsala. Madzulo ake anandipatsa buledi wouma wa barele wothiridwa mafuta atsopano, obiriwira ndi oyabwa pang'ono kukhosi, pamodzi ndi masamba akutchire owiritsa amene amawatcha horta, omwe amamera chifukwa cha mvula yomweyi. Nditadya chakudya chimenecho, mitsuko ya ku Knossos inasiya kukhala zinthu za m'mayeso. Ndinaona kuti chuma chimene alembi aja ankalemba pa dongo ndi chomwechi chimene chimadzutsa anthu a m'midziyi m'mamawa kuli chisanu.

Sindikufuna kunena kuti palibe chimene chasintha, chifukwa maganizo amenewo ndi msampha umene ophunzira mbiri timachenjezedwa nawo. Pakati pa Knossos ndi lero padutsa Aroma, ufumu wa Byzantium, Aarabu, anthu a ku Venice, ndi ufumu wa Ottoman umene unalanda Heraklion mu 1669 atauzinga kwa zaka 21, ndipo chilumbachi chinagwirizana ndi Greece mu 1913. Ndiponso manja ambiri amene amakolola azitona lero, kapena kugwira ntchito m'minda ya tomato yokutidwa ndi mapulasitiki ku Ierapetra, ndi a anthu obwera kuchokera ku Albania, Pakistan, Egypt ndi mayiko ena. Kangapo konse anthu anandifunsa ngati ndabwera kudzagwira ganyu ya azitona, popeza munthu wakuda woyenda yekha mu Disembala sakhala mlendo wodzaona malo m'maganizo awo. Funsolo silinandikhumudwitse, koma linandikumbutsa kuti antchito amenewa, ngati aja olembedwa m'timapale, saoneka pa zithunzi zoitanira alendo.

Ku Gortyn, m'chigwa chomwecho cha Messara, ndinakhala nthawi yaitali patsogolo pa khoma lolembedwa malamulo a mzindawo a m'zaka za m'ma 400 Yesu asanabadwe. Mizere yake ndi pafupifupi 600, ndipo mzere umodzi umawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, wotsatira kuchokera kumanzere kupita kumanja. Malamulowa amanena za ukwati, kusudzulana, chuma chamasiye ndi akapolo. Mwana wamkazi ankalandira theka la gawo la mwana wamwamuna, ndipo mkazi wosudzulidwa ankatenga katundu amene anabwera naye pamodzi ndi theka la nsalu zimene analuka ali pabanjapo. Apa palibe amene anawonjezapo utoto. Miyalayo inapulumuka chifukwa Aroma anaigwiritsanso ntchito pomanga nyumba yawo yochitiramo zoimba. Pafupi pomwepo pali mabwinja a tchalitchi cha Tito, yemwe mtumwi Paulo anamusiya pachilumbachi. Ndipo kugombe la kumwera, kuseri kwa mapiri a Asterousia, kuli doko laling'ono la Kaloi Limenes, limene limatchulidwa pa Machitidwe 27, pamene Paulo anachenjeza oyendetsa chombo kuti nyengo yoyenda panyanja yatha. Iwo sanamvere, anafuna kukafika ku doko lina labwino lokhalapo m'nyengo yozizira, ndipo mphepo yochokera kumtunda inawakankhira pakati pa nyanja mpaka chombo chinakasweka ku Malta. Nkhaniyi ndinaimva kuyambira ku Sande sukulu, koma ndinaimvetsa pamene ndinamva mphepo ya m'nyengoyi ikutsika m'mapiri mwadzidzidzi, ndi kuona kuti ngakhale lero sitima zikuluzikulu zimaletsedwa kunyamuka padoko mphepo ikakula. Kwa anthu akale, kutha kwa chilimwe kunali kutsekeka kwa njira, ndipo chilumba chinkadya zimene chinasunga.

Kuyenda wekha kuli ndi mtengo wake, ndipo sindiubisa. Madzulo ndi aatali, ndipo m'midzi ina ya m'mphepete mwa nyanja, monga Matala, munthu amayenda msewu wonse osapeza malo odyera otsegula. Koma kusowa mnzanga wolankhula naye n'kumene kunandilowetsa m'nyumba za khofi zotchedwa kafeneio, mmene abambo achikulire amakhala mozungulira mbaula ya nkhuni, akusewera tavli, masewera a pa thabwa, ndi kukangana za mtengo wa mafuta. Ndi Chigiriki changa chochepa, chongokwanira kupereka moni ndi kuwerenga zikwangwani, ndinkalandiridwa ndi kapu yaing'ono ya tsikoudia, mowa umene amatcheza kuchokera ku zotsalira za mphesa mu Okutobala ndi Novembala, ndipo kuukana kotheratu kumaoneka ngati kukana mwini nyumba. Ndikanakhala ndi anzanga a m'kalasi tikanakhala patebulo lathu, tikulankhula zathu.

Ulendo ndinamalizira ku Chania, kumene doko lomangidwa ndi anthu a ku Venice limamenyedwa ndi mafunde mpaka madzi kufika pakhomo pa masitolo otsekedwa. Pamphepete pa dokolo pali mzikiti wa m'zaka za m'ma 1600 umene sapempheramonso, chifukwa Asilamu a pachilumbachi, ambiri mwa iwo olankhula Chigiriki, anasamutsidwira ku Turkey pa kusinthana kwa anthu kwa mu 1923. Tsopano m'nyumbayo amaonetseramo zojambula. Nkhani imene ndikulemba ya teremu ino inayenera kukhala yofotokoza zithunzi zapakhoma za ku Knossos, koma ndapempha aphunzitsi anga kuti andilole kusintha mutu, kuti ndilembe za zipinda zosungiramo zokolola ndi timapale ta mafuta, ndi funso lakuti alimi a m'midzi yozungulira ankapereka zochuluka bwanji ku nyumba yaikuluyo ndipo ankalandirako chiyani. Aphunzitsiwo avomera, koma andiuza kuti ndiyambe ndaphunzira kuwerenga zizindikiro za Linear B ndekha, ndipo panopa ndili pa zizindikiro za manambala ndi za miyeso ya zinthu zamadzi.