Amene anandilongedzera chikwama cha kuchipatala

Malangizo okonzekeretsa mwana woyamba kulandira khanda ndinawatsatira bwinobwino. Mnyamata wathu woyambayo sitinamuuze msanga, chifukwa mwana wa zaka ziwiri ndi theka sasiyanitsa mawa ndi miyezi 6. Mukamuuza mimba ili ya masabata 8, azikufunsani m'mawa uliwonse mpaka mutopa. Tinadikira kuti mimba ionekere, cha m'ma sabata 20, kuti azigwira n'kumamva khanda likugunda. Pa kabedi kake ka ukhanda tinamuchotsa kudakali miyezi itatu, kabediko tinakapasula n'kukabisa kuti aiwale zoti kanali kake. Mukamusamutsa sabata yomwe khanda lafika, amaona kuti walandidwa. Zomusiyitsa matewera tinaziimika kaye, poti kusintha zinthu zikuluzikulu ziwiri nthawi imodzi kumangobwezera mwana m'mbuyo.

Tinamuguliranso chidole choti aziphunzirira: kugwira kumapazi osati kumaso, kusisita pang'onopang'ono, kuchirikiza mutu. Ankamvetsera mwaulemu, kenako n'kuchinyamula mwendo umodzi, mutu ukukhwekhwereza pansi.

Pa sabata 36 ndinalongedza chikwama, popeza kuyambira sabata 37 khanda limakhala lakhwima ndipo likhoza kubwera tsiku lililonse. Amati mwana mukamupatsa kantchito pa zokonzekera, nsanje imachepa, ndiye ndinamuitana kuti andithandize. Ine ndinkatchula, iye n'kumaika: matewera a khanda, tizipewa tiwiri, timasokosi, tizovala titatu, zofunda ziwiri, mapadi akuluakulu, malaya otsegula kutsogolo oyamwitsira, sopo ndi chaja. Chilichonse akaika ndinkawomba m'manja. Ndinamuuzanso kuti m'chikwamamo mumalowa zinthu zofunika kwambiri. Ndinatseka zipi iye akuyang'anitsitsa, n'kuchiika pansi pafupi ndi chitseko kuti tisadzavutike kuchifuna.

Matenda anayamba usiku. Bambo ake ananyamula chikwama osatsegula, ndipo mwayi unali woti buku la kusikelo linali m'kachikwama kanga ka m'manja. Ndinachira bwino kunja kukucha, mwana wamkazi. Azamba anamupukuta, n'kumugoneka pachifuwa panga.

"Bambo, tipatseni chipewa. Khanda limazizidwa msanga."

Ndinamva zipi ikutseguka. Kenako zii.

Choyamba kutuluka chinali galimoto yachidole yopanda tayala limodzi. Inatsatira nsapato yakumanzere ya bambo ake, supuni, mwala wosalala, ndi rimoti ya TV yomwe tinakanganirana mpaka kugona chofulatirana, ine ndikulumbira kuti anaitaya ndi iwowo. Anaikweza m'mwamba kuti ndiione bwino, ngakhale inali nthawi yoti munthu andimvere chisoni. Pansi penipeni panagona chidole chija, chitavala chipewa cha khanda, masokosi kumanja, thewera litamatidwa pakhosi.

Azamba anachiyang'ana nthawi yaitali. "Mayi, bwanji simunatiuze kuti ndi mapasa? Winayu wabadwa atavala kale."

Tinavula chidole n'kuveka mwana. Matewera ndi zofunda tinachita kubwereka kwa mayi wa bedi loyandikana nalo, amene anaseka mpaka kugwira pamimba n'kumapempha kuti tisiye chifukwa akumva kuwawa. Zathuzo zinakapezeka kunsi kwa bedi la mnyamatayo, matewera onse atawamatula n'kuwalumikiza ngati sitima. Chikwama cha kuchipatala chizikhala pamwamba pa kabati, ndipo muzichitsegula sabata iliyonse.

Kunyumba anatilandira ndi mpira m'manja. Pali wachibale amene anamulonjeza kuti kukubwera mnzake wosewera naye, pamene khanda limagona maola 14 mpaka 17 pa tsiku, ndipo likadzuka limalira kapena kuyamwa. Bola kumuuziratu zoona zimenezi. Anayamba kulankhula chikhanda, kufuna kunyamulidwa ponseponse, tsiku lina anapempha bere. Kubwerera m'mbuyo kotereku si kachilendo, ndipo kukalipira kumangokutalikitsa. Chimene chinathandiza ndi kabokosi ka zidole kotsegulidwa pa nthawi yoyamwitsa yokha, poti khanda limayamwa ka 8 mpaka 12 pa maola 24 ndipo wamkulu sangangokhala phee nthawi yonseyo. China ndi mphindi 10 kapena 15 tsiku lililonse za iye yekha, khanda lili ndi bambo ake, sewero asankhe mwini wake. Awiriwa sitinkawasiya okha ngakhale kwa mphindi imodzi: wamkulu akhoza kufunditsa khanda kumaso kapena kuliika chakudya m'kamwa chifukwa cha chikondi chenicheni, ndipo kanyamulidwe ka chidole tinali titakaona.

Madzulo ena ndikuyamwitsa, ndinamva chinthu chikukokedwa pansi. Anali iye ndi chikwama chija. Ulendo uno analongedza molondola zedi: matewera, tizipewa tonse tiwiri, timasokosi, zofunda zopinda bwino. Anachiimika pakhomo, n'kuloza mlongo wake.

"Amayi, mwana uja tamuona. Azipita kwawo."