Sabata yachisanu ndi chapati: botolo lapuma

Kuyambira tsiku lomwe ndinayamba kuphunzira chapati ndakhala ndikuphwathalitsa ufa ndi botolo la Fanta. Limagwira ntchito, sindikunyoza, amayi ambiri ogulitsa samusa amadalira lomwelo. Vuto lake ndi khosi. Dzanja limodzi limagwira ponenepa, lina powonda, ndiye chapati chimatuluka mbali ina chopyapyala ngati pepala, mbali ina chochindikala ngati chigumu. Loweruka ndinati basi, ndikagule chipangizo chenicheni ku Limbe.

Nditalowa m'sitolo ya ziwiya m'pamene ndinazindikira kuti dzina lake sindikulidziwa. Mthiko, chipande, mpukuso, munsi, zonsezi tili nawo mayina ake chifukwa nsima ndi yathu. Koma ufa wa tirigu wokanda n'kuuphwathalitsa unabwera ndi alendo, ndipo chipangizo chake chinafika chopanda dzina la Chichewa lomwe aliyense angalimve. Ndinangoyamba kugudubuza manja m'mwamba ngati ndikuchapa, n'kunena kuti, "Achimwene, ndikufuna kamtengo kaja ka chapati." Mnyamata wogulitsa anatulutsa rolling pin yaikulu, yonenepa, ya zogwirira mbali zonse. Mawu akuti pin amenewa anandisokonezapo kale, ndinkaganiza za phini wa pa chitenje, chonsecho m'Chingerezi amatanthauzanso kamtengo kobulungira.

Mayi wachimwenye amene anakhala pa kauntala anandifunsa chomwe ndikufuna kuphika. Nditatchula chapati anapukusa mutu, nati yaikuluyo ndi ya ophika mapayi ndi mabisiketi, ine ndikufunika velan. Anatulutsa kamtengo kowonda, pakati potupa pang'ono, kumapeto konse kosongoka.

Velan ndi mawu a Chigujarati, chilankhulo cha ku Gujarat, kumadzulo kwa India, komwe kunachokera makolo a amwenye ambiri a kuno. Pa YouTube ophika ambiri amati belan, lomwe ndi la Chihindi, lochokera ku mneni belna, kutanthauza kuphwathalitsa ufa pogudubuzapo mtengo. Chinandiseketsa n'chakuti ana a sukulu ophunzira masamu m'Chihindi amatchulanso silinda, chinthu choumbika ngati chitini, kuti belan. Ndipo kamtengoka sikayenda kokha, kali ndi mnzake, kathabwa kozungulira ka timiyendo tatifupi. Achihindi amakatcha chakla, Agujarati amati patlo. N'chifukwa chake mumamva akutchula pamodzi kuti chakla belan, monga mmene ife timanenera mtondo ndi munsi. Kathabwako sindinagule, thumba linakana. Ndikugwiritsa ntchito thabwa lodulirapo anyezi, nditayala kansalu konyowa pansi kuti lisamaterereke.

Tsopano kutupa kwa pakati kuja, komwe poyamba ndinkati mmisiri analakwitsa. Ukamagudubuza n'kukanikiza pang'ono dzanja lamanja kuposa lamanzere, pakati pa velan pamakhala ngati pozungulirapo, ndipo ufa umayamba kutembenuka wokha pa thabwa. Sufunika kuunyamula kuti uuzungulitse. Ndinaona zimenezi pa vidiyo kangapo n'kumati ndi matsenga a manja a anthu ozolowera. Lamlungu, pa chapati chachisanu ndi chiwiri, chinazungulira chokha pafupifupi theka la bwalo. Ndinakuwa mpaka mwana wanga anathamanga kuchokera panja poganiza kuti ndapsa ndi mbaula. Chachisanu ndi chitatu chinakana, chinamatirira pa thabwa n'kupindika ngati khutu la galu, chifukwa ndinaumira ufa wowaza.

Muyeso wanga sunasinthe: makapu 2 a fulawa, mchere pang'ono, supuni 2 za mafuta, ndi madzi ofunda osadzadza kapu. Chomwe ndasintha ndi kudikira. Kale ndinkati ndikangokanda, pompo ndayamba kuphwathalitsa, ufa n'kumabwerera m'mbuyo ngati legeni. Tirigu ali ndi zomatamata zotchedwa gluten zomwe zimakungika ukamakanda, ndipo zimafuna nthawi kuti zimasuke. Pano ndimavundikira ufa ndi mbale kwa mphindi 30, ndipo velan imangoyenda popanda kulimbana nayo. Pa zapati 10 za Lamlungu, 4 zinali zozungulira moti mlendo sangaseke, ndipo 2 zinafufuma pa chiwaya. Zotsalazo zinali ngati mapu a Malawi, zazitali ndi zopindika, koma zinatha ndi nyemba.

Mayi wa m'sitolo uja anandichenjeza kuti velan ndisamaiviike m'madzi, imapindika kapena kung'aluka. Ndingopala ufa wouma, kupukuta ndi kansalu, nthawi zina kupaka kadontho ka mafuta ophikira. Ndaikhomera kamsomali kakekake kutali ndi mithiko, popeza kuno chilichonse cha mtengo chikagwera m'beseni la mbale chimagona momwemo.

Pa nkhani ya dzina, m'nyumba muno velan yalephera kukhazikika. Amayi anga atabwera Lolemba anaitembenuza uku ndi uku, n'kufunsa kuti, "Kamunsi aka mukusinjira chiyani?" Kuyambira pamenepo aliyense akungoti kamunsi, ngakhale ine ndemwe. Sabata yamawa ndikufuna kuyesa zikopa za samusa, zomwe zimafunika kupyapyala kuposa chapati, ndione ngati kamunsi kangandifikitse poti zala zizionekera kuseri kwa ufa.