Kulira Kumene Kunamveka kwa Galu Yekha ndi Mdzukulu

Mphwanga wa ku Johannesburg atanditumizira kabokosi ka zipangizo zophunzirira zamagetsi, ndinalengeza pamaso pa banja lonse kuti sabata isanathe ndikhala nditapanga chinthu cholira ngati limba. M'kabokosimo munali batire ya mavoti 9, kasipika, timawaya, ma resistor, ma capacitor, ndiponso kachipangizo kakuda ka miyendo 8 kotchedwa 555, kamene Hans Camenzind anakakonza mu 1971. Kabuku ka malangizo kanafotokoza kuti capacitor imadzaza magetsi n'kuwakhuthula mobwerezabwereza, ndipo ikakhala yaing'ono imachita zimenezi mofulumira, kotero kuti mawu amakwera. Ndime imeneyi ndinangoidumpha, popeza munthu amene wakhala akukonza wailesi poimenya khofi safunika kuphunzitsidwa.

Loweruka usiku ndinalumikiza zonse ndilibe magalasi anga a maso. Kabuku kanati nditenge capacitor yolembedwa 103, koma ine ndinatola ya 102, imene ndi yochepa kakhumi. M'malo monjenjemera ka 1,700 pa sekondi, kasipika kanayamba kunjenjemera ka 17,000, ndipo ine sindinamve kanthu. Poganiza kuti vuto ndi kuchepa kwa kasipikako, ndinalumikiza mawaya ku wailesi yaikulu ya pabalaza n'kukweza voliyumu mpaka pamapeto.

Kunali zii. Galu yekha ndiye anayamba kulira mokuwa pakhonde, kenako anathawira kuseri kwa khola la nkhuku. Mdzukulu wanga wa zaka 10 anatuluka kuchipinda atatseka makutu, akuti, "Agogo, chonde zimitsani, mutu ukundiwawa!" Ndinamudzudzula kuti asamanamize akuluakulu. Mayi akunyumba, amene nawonso sankamva chilichonse, anaona kuti galu ndi mwana akamva chinthu chimene akulu sakuchimva ndiye kuti pakhomo pafika zachilendo, ndipo anayamba kupemphera mokweza.

Mwanayo ndiye anatenga kabuku n'kutiwerengera kuti khutu la munthu limamva kunjenjemera koyambira pa 20 kufika pa 20,000 pa sekondi, koma mawu okwera kwambiri amayamba kutayika munthu akamakula, pamene galu amamva kupitirira pamenepo. Anandisonyezanso nambala imene ndinaphonya. Ndinazula 102 mwamanyazi n'kubayapo 103, osakumbukira kuti voliyumu ndinaisiya kumwamba.

Chimene chinatuluka m'wailesimo sichinali limba. Ndinagwa chagada pamodzi ndi mpando, nkhuku zinayamba kulira m'khola, ndipo pasanathe mphindi zitatu anansi anali atazungulira nyumba ndi zibonga ndi matochi, akufunsa kumene akuba alowera. Ndinawafotokozera za capacitor nditavala kabudula wogonera, batire ili m'manja.

Anthu atabalalika, mayi akunyumba anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa mwaulemu wonse kuti, "Bambo, kodi ndikamapempha ndalama ya ndiwo, mawu anga amakhala pa 17,000?"